Malembo a Mfumu Sejong pa Khonde la ku Mufakose

Madzulo ena magetsi atazima, monga amachitira kawirikawiri m'malokeshoni a Harare, ndinapeza mwana wa mlongo wanga atakhala pa khonde la nyumba yathu ku Mufakose, kope lili pa miyendo, foni ili m'manja. Ankajambula timizere ndi timabwalo mozipanikiza m'timabokosi. Mayi anga, amene tsopano maso akuwavuta, anamuyang'ana kwa nthawi yaitali kenaka anafunsa kuti, "Iwe, tinyumba ukumangato n'ta yani?" Mtsikanayo anayankha m'Chishona, poti ndicho chimabwera msanga pa lilime lake, kuti akuphunzira Chikoreya. Agogo akewo anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu amene walasidwa. Anati, "Chichewa chakukanika chili m'nyumba mommuno, ndiye ukatha cha kutsidya kwa nyanja?"

Funso limenelo linandisowetsa tulo, ndipo ndi limene labala nkhani ino. Kuti tiliyankhe mwachilungamo tiyenera kuyamba tafufuza mmene Chichewa chinafikira pa khonde limenelo ndi mmene Korea anafikira pomwepo, tisanakambe za malembo amene mtsikanayo ankalemba.

Makolo athu anayamba kubwera kuno kuchokera ku Nyasaland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, ndipo ndalama zinali ku migodi ndi ku mapulazi a fodya a ku Southern Rhodesia. Ena ankayenda pansi kudzera ku Tete, n'kuwoloka Zambezi; ena anabwera m'manja mwa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito. Mzinda umene Azungu ankautcha Salisbury iwo ankangoti ku Halale, potengera dzina la lokeshoni ya Harari, imene lero ndi Mbare. Pofika 1912 anali atachuluka kotero kuti mpingo wa Dutch Reformed wa ku Nyasaland unatumiza mbusa T.C.B. Vlok kudzawatumikira, ndipo ntchito imeneyo ndiyo inadzabala Sinodi ya Harare ya CCAP. M'zaka za chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, anabwera enanso ambiri. Iwo amene sanabwerere kwawo, abale awo anawatcha machona. Anakhazikika ku Mbare, ku Highfield, ku Mufakose, ku Dzivarasekwa, ku Mabvuku ndi ku Tafara, ndipo ndi iwo anadzetsa gule wamkulu, amene anzathu Achishona amamutcha zvigure.

Chiyankhulo chawo sichinathe chokha. Mwana amene ankamveka akuyankhula Chinyanja pa bwalo la sukulu ankatchedwa mubhurandaya, kutanthauza wa ku Blantyre, kapena mubwidi, ndipo mawu amenewo sanali oyamikira. Ana ambiri anaphunzira kubisa lilime lawo, ena mpaka anasintha mfunda. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri obadwira konkuno ali ndi zitupa zowatcha alendo, ndipo chisokonezo cha Murambatsvina mu 2005, chimene lipoti la Anna Tibaijuka ku United Nations linati chinalanda anthu pafupifupi 700,000 nyumba kapena ntchito, chinapeza ambiri a iwo alibe mudzi wothawirako. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabweza unzika kwa obadwira kuno amene kholo lawo linachokera m'mayiko a SADC, ndipo anaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Koma pamene lamulo linkatsegula chitseko, zidzukulu zambiri zinali zitatuluka kale. Mwana wa mlongo wanga ndi mmodzi mwa iwo: amamva, koma kuyankha amayankha m'Chishona.

Nanga Korea anafika bwanji? Anafika kawiri, ndipo maulendo awiriwo ndi osiyana kwambiri. Woyamba kufika anali wa kumpoto. Mu October 1980, miyezi yochepa dziko litalandira ufulu, Robert Mugabe anapita ku Pyongyang kukakumana ndi Kim Il Sung. Chipatso china cha ubale umenewo chimaonekera kwa aliyense woyenda pa msewu wa ku Bulawayo kufupi ndi Warren Park: manda a ngwazi a National Heroes Acre, amene anayamba kumangidwa mu 1981 mothandizidwa ndi amisiri a ku North Korea, ndi nsanja yake ya mamita 40 ndiponso chifanizo cha mkuwa cha asilikali atatu, amuna awiri ndi mkazi mmodzi. Chipatso chachiwiri chinali chowawa. Mu August 1981 aphunzitsi a usilikali 106 a ku North Korea anafika kudzaphunzitsa gulu latsopano la Fifth Brigade ku Nyanga. Mu January 1983 gulu limenelo, la zipewa zofiira, linatumizidwa ku Matabeleland, ndipo zimene zinachitika kumeneko ndi ku Midlands zimadziwika ndi dzina loti Gukurahundi. Anthu wamba zikwizikwi anaphedwa. Ambiri amatchula chiwerengero cha 20,000. Chiwawacho chinatha ndi pangano la umodzi la pa 22 December 1987, koma chilonda sichinapole. Mu 2010, zitamveka kuti timu ya mpira ya North Korea idzakonzekera Chikho cha Dziko Lonse ku Bulawayo, anthu a kumeneko anakana kwamtuwagalu, ndipo timuyo sinabwere.

Choncho kwa ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1980, dzina loti Korea linkanunkha wonga. Sindikumbukira munthu ndi mmodzi yemwe wa m'lokeshoni mwathu amene anaganizapo zophunzira chiyankhulo cha kumeneko.

Wa kummwera anabwera mochedwa ndiponso mwakachetechete. Ubale wa maboma a Zimbabwe ndi South Korea unakhazikitsidwa mu 1994, pamene Malawi anali atatero kale mu 1965. Poyamba ankabwera m'mabokosi olembedwa Samsung ndi LG, ndi pa magalimoto a Hyundai ndi Kia. Kenaka, kumapeto kwa zaka za m'ma 2000, ndalama ya dziko ikugwa tsiku ndi tsiku ndipo m'masitolo muli mbee, wailesi ya kanema ya ZBC inaonetsa sewero la Jewel in the Palace, nkhani ya Jang-geum, mtsikana wa kukhitchini ya kunyumba ya mfumu amene anadzakhala sing'anga wa mfumuyo. Mabanja anjala ankakhala pansi kuonerera anthu akuphika. Koma chimene chinawakoka sichinali chakudya chokha. Anaona ana akugwadira akulu, apongozi akulemekezedwa, wamasiye akulimbana ndi kaduka, zinthu zimene gogo wa ku Mabvuku ankazidziwa popanda womumasulira. Pambuyo pake panadza nyimbo ya Gangnam Style mu 2012, magulu oimba monga BTS, ndi sewero la Squid Game mu 2021. M'badwo wa mwana wa mlongo wanga unakumana ndi Korea pa galasi la foni, ndipo za Fifth Brigade ambiri a iwo anangozimva patalipatali.

Tsono timabokosi tija tili ndi mbiri yake, ndipo ndi mbiri imene Mchewa aliyense ayenera kuimva. Kwa zaka mazana ambiri anthu a ku Korea ankayankhula chiyankhulo chawo koma ankalemba ndi zizindikiro za Chitchaina, zimene zimafuna zaka zambiri kuti munthu azidziwe. Kulemba kunali chuma cha amuna a m'mabanja apamwamba. Mfumu Sejong, imene inalamulira kuyambira 1418 mpaka 1450, inaona kuti mlimi amene waponderezedwa sangathe ngakhale kulemba dandaulo lake. Mu 1443 inapanga malembo atsopano 28, ndipo mu 1446 anafalitsidwa m'buku lotchedwa Hunminjeongeum. Lero akugwiritsidwa ntchito ndi 24: malembo opanda liwu 14 ndi a liwu 10. Maonekedwe ake sanangopekedwa. Lembo la ㄱ likufanizira tsinde la lilime likutseka kukhosi, la ㄴ nsonga ya lilime ikukhudza nkhama, la ㅁ kamwa, la ㅅ dzino, la ㅇ mmero. Powonjezera kamzere, liwu limakula mphamvu: ㄱ limasanduka ㅋ. Malembo a liwu anachokera pa zinthu zitatu: kadontho koimira thambo, mzere wogona woimira dziko, ndi mzere woimirira woimira munthu. Malembowa amawaunjika m'maphatikizo, ndipo phatikizo lililonse ndilo kanyumba kamene mayi anga anakaona.

Mphatso imeneyi sinalandiridwe ndi manja awiri. Mu 1444 nduna yophunzira kwambiri, Choe Malli, inalemba kalata yotsutsa, poona kuti kusiya malembo a Chitchaina n'kudzitsitsa. Anthu apamwamba ankawanyoza malembowa kuti ndi a anthu wamba, ena amati ndi a akazi. Mu 1504 mfumu Yeonsangun inawaletsa itapeza kuti anthu akulemba nawo zikalata zoidzudzula. Amene anawasunga kwa zaka mazana anayi anali omwe ankanyozedwawo: akazi olemberana makalata, olemba nthano, amonke omasulira mabuku. Boma linawavomereza m'zikalata zake mu 1894, ndipo mu 1896 Seo Jae-pil anayambitsa nyuzipepala ya Tongnip Sinmun yolembedwa m'malembo amenewa. Dzina loti Hangul linadza pambuyo pake, ndipo limagwirizanitsidwa ndi katswiri wa chiyankhulo Ju Si-gyeong, amene anamwalira mu 1914.

Mayesero aakulu anabwera ndi utsamunda wa Japan, kuyambira 1910 mpaka 1945. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 Chikoreya chinayamba kuchotsedwa m'sukulu, ndipo kuyambira 1940 anthu ankaumirizidwa kutenga maina a Chijapani. Mu 1942 apolisi anamanga akatswiri a bungwe la chiyankhulo cha Chikoreya amene ankalemba mtanthauziramawu wamkulu. Anazunzidwa, ndipo awiri, Yi Yun-jae ndi Han Jing, anafera m'ndende. Mapepala awo analandidwa. Mu September 1945, nkhondo itatha, mapepalawo anapezeka m'nyumba yosungira katundu pa siteshoni ya sitima ku Seoul, ndipo mtanthauziramawuyo anamalizidwa kusindikizidwa mu 1957. Lero South Korea imakumbukira malembo ake pa 9 October chaka chilichonse, ndipo kuyambira 1989 pali mphoto ya UNESCO yolimbikitsa kulemba ndi kuwerenga imene ili ndi dzina la Sejong.

Ife a Chichewa mbiri yathu ya kulemba ndi yaifupi, ndipo inayamba m'manja mwa alendo. Johannes Rebmann anasonkhanitsa mawu a Chinyanja ku Mombasa kuchokera kwa kapolo wina dzina lake Salimini, ndipo buku lake linatuluka mu 1877. David Clement Scott wa ku Blantyre anatulutsa lake mu 1892. Buku Lopatulika linadza mu 1922. Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko la Malawi mu 1968. Ndipo mtanthauziramawu wofotokoza Chinyanja m'Chinyanja momwe anatuluka mu 2000. Kuno ku Harare palibe amene anatsekeredwa m'ndende chifukwa cha mtanthauziramawu. Chathu chinafota ndi manyazi, pang'onopang'ono, mwana akuopa kusekedwa pa mpopi wa madzi.

Komabe woyamba kuphunzira Chikoreya amene ali ndi Chichewa m'khutu amapeza kuti wanyamula kamba wa pa ulendo amene Mngelezi alibe. Malembowo munthu wakhama amawadziwa m'masiku ochepa, ndipo n'kwanzeru kuyambira pamenepo m'malo modalira Chikoreya cholembedwa m'malembo a Chilatini, chimene chimasocheretsa katchulidwe. Vuto loyamba lenileni ndi khutu. Chikoreya chimasiyanitsa mitundu itatu ya k, ya t ndi ya p. Mawu oti dal ndi mwezi, ttal ndi mwana wamkazi, tal ndi chigoba chovala kumaso povina. Bul ndi moto, ppul ndi nyanga, pul ndi udzu. Mchewa amasiyanitsa kale kama ndi khama, pala ndi phala, ndipo mwa mitundu itatuyo iwiri ili pafupi ndi zimene amazidziwa. Umodzi wokha ndiwo ayenera kuusaka. Lembo la ㄹ limamveka ngati r pakati pa malembo a liwu koma ngati l pothera phatikizo, zimene sizidabwitsa munthu amene amalemba kulira ndi kulola podziwa kuti l ndi r kwathu ndi ana a mimba imodzi. Pamene timapunthwa ndi pa maphatikizo othera ndi lembo lopanda liwu. Lilime lathu limafuna kutseka mawu alionse ndi liwu, monga tinachitira posandutsa mawu a Chingerezi kukhala sukulu ndi buku, choncho bap, mpunga wophika, timafuna kumutcha bapu. Palinso malembo a liwu awiri, ㅓ ndi ㅡ, amene ife tilibe.

M'chiganizo, mneni amabwera pomalizira. Pamene ife timati mwana akudya mpunga, iwo amayamba ndi mwana, kenaka mpunga, kudya n'kutsekera. Mneni wawo amakula polumikiza tizidutswa monga wathu, kusiyana kwake n'koti ife timalumikiza kutsogolo ndi kumbuyo komwe, iwo kumapeto kokha. Alibe magulu a maina amene amavutitsa alendo ophunzira Chichewa. Ali ndi mawerengedwe awiri, awoawo ndi ochokera ku Chitchaina, ndipo ola amalitchula ndi oyambawo, mphindi ndi achiwiriwo. Izi zimaoneka zachilendo kufikira munthu atakumbukira kuti nafenso timati mbuzi zitatu koma pa msika timawerenga ndalama m'Chingerezi. Amakondanso amvekero monga ife: nyenyezi zikamathwanima iwo amati banjjak banjjak.

Pa nkhani ya ulemu m'pamene ubale umaonekera kwambiri. Mchewa sauza apongozi ake kuti iwe, ndipo Mkoreya sangatsirize mneni asanadziwe ngati akuyankhula ndi mkulu, mnzake kapena mwana. N'chifukwa chake amafulumira kufunsa zaka za munthu. Woyamba amalangizidwa kugwiritsa mathero a yo, monga mu moni woti annyeonghaseyo, amene ali ngati inu wathu. Apa pali msampha kwa wophunzira kudzera m'masewero ndi nyimbo: zambiri zimene amamva ndi chiyankhulo cha mabwenzi, ndipo kuchilankhula kwa munthu wamkulu ndi mwano. Maina a chibale nawo amatengera amene akuyankhula. Mnyamata amatcha mkulu wake wamwamuna hyeong, mtsikana amamutcha oppa; mkulu wamkazi ndi nuna kwa mnyamata, eonni kwa mtsikana. Ife amene timadziwa kuti mlongo wa mwamuna ndi mkazi ndipo mlongo wa mkazi ndi mwamuna sitivutika kumvetsa. Mawu oti bap amatanthauza mpunga komanso chakudya chonse, monga mmene kwathu munthu amene sanadye nsima amanenera kuti sanadye. Ndipo Kim aliyense amadziwa kumene mtundu wake unachokera, kaya ndi ku Gimhae kapena ku Gyeongju, monga Phiri ndi Banda amadziwira mfunda wawo. Ngakhale chigoba chija, tal, chili ndi gule wake, talchum, amene UNESCO inamulemba m'kaundula wake mu 2022. Gule wamkulu inamuzindikira mu 2005.

Kodi njira imeneyi imathera kuti? Mtsikana wathuyu sakuphunzira chifukwa cha nyimbo zokha. Anamaliza sukulu bwino, ntchito palibe, ndipo wamva za Global Korea Scholarship, thandizo la boma la South Korea kwa ophunzira akunja. Pali mayeso a TOPIK, amene anayamba mu 1997 ndipo ali ndi magawo asanu ndi limodzi, ndiponso maphunziro a King Sejong Institute, bungwe limene linayamba mu 2007 ndipo limaphunzitsanso pa intaneti. Izi ndi zenizeni, koma zimafuna zaka ndithu. Kuwerenga malembo ndi khomo chabe. Mkati muli mawu zikwizikwi, ochuluka a iwo ochokera ku Chitchaina, amene alibe chofanana nacho m'Chichewa, m'Chishona kapena m'Chingerezi. Pafunikanso kusamala, pajatu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 2013 boma la Joyce Banda ku Malawi linalengeza kuti achinyamata ambiri apita kukagwira ntchito ku South Korea, koma boma la ku Seoul linakana kuti panalibe pangano lotero. Ndondomeko yawo yolembera antchito akunja, imene inayamba mu 2004, inapangidwa ndi mayiko a ku Asia. Mdzukulu wa munthu amene anakwera lole ya Mthandizi ayenera kufunsa kawiri wina akamulonjeza ntchito kutali.

Ndikaganiza za funso la mayi anga, ndimaona kuti mwa iwo munali mantha a munthu amene anaonapo ulendo wotere. Bambo anga anachoka ku Dedza akunena kuti akagwira zaka ziwiri, ndipo manda awo ali kuno. Ana awo tinayankhula Chichewa chosakaniza, zidzukulu zikungomva, ndipo tsopano chidzukulu china chikuloza kutali koposa. Sindingamuletse, monga mmene panalibe amene akanaletsa bambo anga. Chimene ndinachita n'kumufotokozera zimene ndalemba panozi, osabisa za Nyanga ndi Matabeleland, osabisanso za akatswiri aja amene anafera mtanthauziramawu. Ndinamuuza kuti anthu amene akufuna kuphunzira chiyankhulo chawo anauzidwapo nawonso kuti chawocho n'chachabe, ndipo anakana.

Patapita milungu ingapo ndinamupeza pa khonde lomwelo atakwiya. Liwu la pa foni linkamukana nthawi zonse akatchula mwana wamkazi, chifukwa ttal ndi tal zinkatuluka mofanana pakamwa pake. Chishona sichisiyanitsa mawu mwa njira imeneyo. Ndinamuuza kuti afunse agogo ake kusiyana kwa kama ndi khama. Anazengereza, kenaka anasendera pa mphasa n'kunena m'Chichewa chake chopunduka kuti, "Agogo, tanenaninso pang'onopang'ono." Mayi anga anagwira dzanja la mdzukulu wawo, analiika patsogolo pa milomo yawo kuti amve mpweya, n'kuyamba: kama, khama, pala, phala. Mtsikanayo anatsegula tsamba latsopano m'kope lake, nalemba mawu anayiwo m'malembo a Sejong, ndipo pansi pake anawalembanso m'Chichewa, akufunsa ngati h amabwera patsogolo kapena pambuyo pa k.